Pa Benchi ku Chipatala cha Ulongwe

Ndinafika woyamba ine, dzuwa likupendeka,
chala cholumidwa ndi tcheni cha njinga
nditachikulunga m'mpango.
Namwino Felizimina anachiyang'ana,
nalemba dzina langa, nati, "Khalani apo."

Ndinakhala mpaka benchi inandidya matako.

Kenaka njinga yamoto yochokera ku Domwe:
mwana ali lende m'manja mwa bambo ake,
maso atatembenuka,
patapata imodzi itatsala m'njira.
Sanamufunse kanthu. Chitseko chinawameza.

Mtima unati ndidandaule,
koma mawu anakakamira pakhosi.
Pano mzere sufunsa wafika liti,
umafunsa mpweya wakutsalira wotani.

Atambala akulira, anandisoka katatu.
Ndikukukuta mano, ndinamva kuseri kwa katani
mwana uja
akupempha madzi.