Sindikukudziwa, Tsvetana

Woweruza wandifunsa kawiri m'mawa uno
ngati ndinamuonapo mayi wa juzi yotuwayo,
amene wakhala kuseri kwa galasi, manja ali pamaondo.
Ndati ayi.
Ndalumbira, dzanja lili m'mwamba, ndati ayi,
ndipo iwe sunaphethire n'komwe,
monga tinapanganirana.

Koma ndikulikumbukira Lachinayi lija ku Varna,
mphepo ya ku Nyanja Yakuda ikuluma makutu,
pamsika, kuseri kwa amayi ogulitsa kabichi wa m'migolo.
Unandipatsa jumbo ya buledi.
Buledi analimodi, wotentha,
pansi pake mapepala makumi anayi ndi awiri
onunkhira yisiti ndi inki.
Unangoti, "Muwerenge madetiwo,"
n'kukwera basi osacheuka.

Madeti. Mankhwala a ana odwala khansa
anatha mphamvu chaka chatha, mwezi wa Malichi,
wina kunkhokwe ya unduna n'kumata timapepala tatsopano
pamwamba pa takale,
siginecha yake yopindika ngati mbedza
ili pansi pa tsamba lililonse.
Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi unadinda zidindo mu ofesi imeneyo,
tiyi wako akuzizirira pawindo,
popanda wokufunsapo maganizo.

Mkonzi wathu, bambo Lyuben, anawerenga chiimirire,
anaimbira loya, kenaka anaimbira mkazi wake.
Tinasindikiza Lolemba.
Lachiwiri makamera onse anali pakhomo la chipatala.
Lachitatu nduna inati ndi ntchito ya adani akunja.
Lachinayi timu ya mumzinda inagoletsa zigoli zitatu
ndipo dziko linatembenuza tsamba.
Kampani ya mafoni inachotsa malonda ake kwa ife,
nyuzipepala yathu inaonda ngati wodwala,
yotsalayo akukulungira nsomba pamsika womwe uja.

Si ine amene ndinakuulula.
Limeneli ulimve, ngakhale kudzera m'galasi.
Anandisunga maola khumi ndi limodzi m'chipinda chopanda wotchi,
anatenga foni, kompyuta,
ngakhale kope la masamu la mwana wanga.
Anakuulula ndi makina ojambulira mapepala a pansanjika yachitatu:
amawerenga tsamba lililonse, amasunga ola,
sagona, salumbira, alibe mwana.
Makumi anayi ndi awiri, sikisi koloko madzulo itadutsa,
ndipo kiyi wa chipindacho unali naye ndiwe.

Tsopano akuti unaba chinsinsi cha boma.
Ndakhala ndikulitembenuza mawuwo m'kamwa ngati mnofu wolimba.
Chinsinsi kwa yani,
poti amayi a m'wodi yachinayi anachidziwa kale,
akuwerenga madontho a dilipi usiku wonse
malungo a ana awo osatsika?
Mwini siginecha ija anamusamutsira kulikulu.
Ofesi yake yatsopano akuti ili ndi kapeti.

Mwamuna wako wakhala benchi yachitatu, akupotokola chipewa.
Potuluka wandiyang'ana nthawi yaitali.
Sindikudziwa ngati unamuuza.
Ndinafuna kumugwira dzanja,
koma ndawerama kumanga chingwe cha nsapato
chomwe sichinamasuke n'komwe.

Madzulo ano ndilemba za mlanduwu, mizere makumi atatu,
ndiwo malo atsala pakati pa zanyengo ndi mauthenga a maliro.
Ndinena kuti woimbidwa mlandu ndi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri,
wakana mlandu, belo amukaniza.
Dzina lako ndilifunsa kwa kalaliki wa khothi,
andiuze chilembo ndi chilembo,
ngati munthu amene wangolimva lero.

Buledi uja tinadya ndi mwana wanga usiku womwewo,
ndi batala, titaimirira m'khitchini.
Anafunsa kumene ndinagula, poti anali wokoma.
Ndinati sindikukumbuka.
Kukukana ndinayambira pamenepo.