Funso la pa Bolodi

Ku El Alto chisanu chalowera pa zenera losweka.
Aphunzitsi a Tarqui alemba ndi kachidutswa ka choko:
"Lero ndi tsiku limene anabadwa
ngwazi ili pachithunzi apo.
Mukadaifunsa chiyani?"

Anzake akulemba za nkhondo ndi mamendulo.
Wara akungotafuna cholembera,
maso ali pa ndevu za m'chithunzimo.

Kenako alemba:
Iyeyo ayi. Ndikufuna amayi ake.
Usiku umenewo munali ndi bulangeti?
Anadula mchombo ndani?
Kodi analira ngati mlongo wanga dzana,
m'minibasi, tisanafike kuchipatala?

Belu lalira, iye sanalimve.
Akufufuta dzina la khandalo
lomwe analemba m'munsi mwa pepala,
poti kunyumba sanagwirizanebe.