Wodula Magalimoto pa Kamwendo

Tinatha, bambo, musavutike kufunsa.
Timapikapu tija tifupitifupi kumbuyo,
tolowa kanjira ka kudimba osathyola chimanga cha eni,
tosenza mabelo atatu, mbuzi pamwamba.
Kotsiriza ndinakaona pa Mkanda,
nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala.

Ku Lilongwe akakuonetsani zimphona
za zitseko zinayi, zonyezimira,
mtengo wake soya wa zaka khumi,
mvula itagwa bwino zaka zonsezo.
Ndiye anthu amabwera kuno, kuseri kwa chigayo,
kwa ine Zefaniya.

Lero abwera a Nachisale, aphunzitsi opuma,
ndi galimoto ya malemu amuna awo.
Aisisita padenga ngati ng'ombe yopita kumsika.
Akuti, mtedza wanga ukuonongekera kumunda,
angolo akundidula pakhosi,
iduleni.

Ndalemba mzere wa choko kuseri kwa mpando wakutsogolo.
Ndafunsa kawiri,
pakuti chomwe ndadula ine sichiphukanso.

Gilayinda ikalira ana asukulu amaiwala belu,
amaima pamsewu kuonerera moto ukuthetheka.
Denga lagwa.
Mpando wakumbuyo tautulutsa awiri,
pansi pake makobidi osagulanso kanthu, chipeso,
ndi batani la yunifolomu ya mwana
amene pano ali ku Joni, saimba foni.
Batanilo alimanga pansonga ya chitenje.
Sananene kanthu, inenso ayi.

Magetsi azima.
Takhala pamatayala, tikukamba za mtengo wa feteleza.
Abweranso dzuwa litapendeka.

Pansi ndayala chitsulo cha thanki yakale ya madzi,
m'mbali zitsulo za bedi wa kuchipatala,
masipulingi ndi a minibasi inagwera mu Bua chaka chatha.
Ndasokerera ndi moto, chipsera ndi chipsera,
maso akundiwawa ngati wathiramo mchenga.
Matumba asanu ndi atatu, mayi, osapitirira.
Ndikudziwa adzaika khumi ndi awiri.

Apolisi pa rodibuloko adzazunguliratu kawiri:
pepala likuti china, maso akuona china.
Zimenezo mukakambirane nokha.

Penti sinaume, iwo alowa kale, aliza injini.
Kenaka azimitsa.
Akuti, mpando uja musataye, ndikwezereni,
ndikauike pakhonde.

Katundu woyamba wa pikapu yatsopano
ndi umenewo, womangidwa ndi lekeni,
ukuyang'ana kumbuyo, kwa ine,
mpaka fumbi la msewu wa ku Kapiri lautseka.