Majini a Mbatatesi

Ku Dundee dzuwa la mu Juni silidziwa kutsanzika.
Teni koloko usiku likadali chilili pa mtsinje wa Tay
ngati mlendo wodikira kuti mumupatse ya basi.
Ine ndili m'nyumba ya magalasi, manja m'dothi logula m'matumba,
ndikufukula mbatatesi yopanda dzina,
nambala yokha: 417.

Achimwene Zakeyu atamva pa foni kuti ndimafufuza majini
anangoti zii, mayunitsi akutha,
kenako anati, "Chemwali, sukulu yonse ija
mwakathera kwa asing'anga a Azungu?"
Ndinaseka mpaka Murdo anasuzumira pakhomo.
Ndinati si majini oweta m'botolo ayi,
ndi timalemba tobisika m'chamoyo chilichonse,
timene timauza mphuno polekezera,
timauza mbatatesi tsiku loyamba kutupa.
Anati, "Chosaoneka koma cholamula.
Nanga zikusiyana pati?"
Kumbuyo kwa mawu awo chiwaya chinali kulira pa Lizulu,
wina akukuwa kuti amuwonjezere kabichi.

Mbatatesi si muzu, ndadziwira kuno.
Ndi tsinde lamanyazi lolowera pansi.
Masamba ndiwo amayeza kutalika kwa usiku,
ndipo ukakwana amatuma mthenga kutsika ndi phesi
kukanong'oneza kansonga koyera mumdimamo:
wayenda mokwanira, khala pansi, unenepe.
Zaka zitatu ndakhala ndikumubisalira mthengayu.

Ndimasenda, ndimadula,
ndimaumitsa mu utsi wozizira woluma zala,
ndimasinja mu kamtondo kosakwana ndi nsinjiro za khanda,
makina nkumandilavulira mizeremizere pa kompyuta.
Munthu amalandira kalata imodzi kwa mayi, ina kwa bambo.
Mbatatesi inalandira zinayi
ndipo zinayi zonse zimakangana
ngati abale pa chuma chamasiye.

Chimene ndikufuna ndi ayironi.
Pa chipatala cha Biliwiri nesi anakoka chikope cha Nasimango,
mlamu wanga, mimba ili ya miyezi isanu ndi iwiri.
M'kati mwake munali mbuu, ngati pepala.
"Magazi achepa. Muzidya chiwindi."
Chiwindi!
Tinabwerera wapansi, osayankhulana,
kudutsa milu ya mbatatesi mbali zonse za msewu,
chakudya chokhacho chimene sichifuna ndalama kwathu.
Ndinaziyang'ana ndi mkwiyo.
Mwina kafukufuku amayamba choncho,
osati ndi nzeru.

Lero 417 yayankha.
Ayironi alimo, woposa wa anzake onse pa benchi.
Koma ndi timbatatesi ngati mazira a nkhunda,
ndipo ukangodula, usanapukute n'komwe mpeni,
tada bii.
Ndatumiza chithunzi kwa achimwene.
Ayankha: "Zoterezi kuno ndi za basela."

Murdo, amene tsitsi lake layerera m'mizere ya mbatatesi,
watola imodzi, waipukuta pa malaya,
wainunkhiza ngati fodya.
Akuti tiikwatitse ndi mtundu wonenepa wa ku Fife,
tidikire ana, tidikire zidzukulu,
zaka zisanu ndi ziwiri, mwina khumi.
Wanena mopepuka ngati akunena za Lachiwiri likudzali.

Mwana wa Nasimango uja tsopano ali sitandade wanu.
Adzakhala atatha msinkhu.

Ndalemba nambala pa thumba la pepala,
ndawerenga khumi ndi zitatu, ndaikamo.
Imodzi yagubudukira pansi pa benchi
ndipo ndagwada kuifunafuna pakati pa mapaipi ofunda,
mawondo anyowa, basi yomaliza ya m'tauni yadutsa.
Ndaipeza pakona, yodzaza fumbi,
timaso take tonse tili tseke,
koma kamodzi, ka kumutu,
kayamba kale kutuwa ndi mphukira.