Mphindi Khumi ndi Imodzi

Mvula ya ku Barnsley sibwera ndi mabingu,
imangokulowa mwakachetechete ngati ngongole.
Lachiwiri lililonse ndimatsikira kunsi kwa tchalitchi,
m'chipinda chonunkha penti ndi makhoti onyowa,
n'kukhala patebulo lopendekeka
lomwe mwendo wake tinauchirikiza ndi katoni.

Clive Hepworth analowa ataikulunga kalata m'pulasitiki
kuti isanyowe. Mwini wake madzi ali chuchuchu.
Zaka makumi atatu ananyamula magalasi m'fakitale,
osaswa ndi limodzi lomwe, akutero,
kufikira tsiku lomwe makina anaphunzira kunyamula.

Kalatayo inati: munachedwa.
Mphindi khumi ndi imodzi.
Basi ya ku Grimethorpe inafera pachitunda, utsi tolotolo,
iye anatsika, nathamanga ndi bondo lake lachitsulo,
nafika ku ofesi ya ntchito dzina lake litaitanidwa kale.
Tsono ndalama ya mwezi yadulidwa.

Ndinaiwerenga kawiri.
Chingerezi cha boma n'chaulemu zedi,
chimakupepesa uku chikukuvula malaya.

Ndachita zonse, akutero, onani.
Kabuku kodzaza madeti,
maola makumi atatu ndi asanu pa sabata
akugogoda kompyuta ya ku laibulale ndi zala ziwiri.
Makalata makumi asanu ndi limodzi anapita,
mayankho anabwera awiri:
lina loti pepani, lina loti pepani kwambiri.
Kusaka ntchito kwasanduka ntchito,
ili ndi kapitawo wake, ilibe tchuthi,
ndipo ukadwala umayenera kudwala ndi umboni.

Za mita ya magetsi sananene.
Ndinaziona ndekha, momwe anafumbatira kapu ya tiyi,
osamwa, kungootha.

Ine ndinatsika ndege ndikukhulupirira
kuti kuno munthu sagona ndi njala.
Ndinakhalapo pampando womwewo
chaka chomwe anatseka nyumba ya okalamba komwe ndinkagwira.
Bernadette, Mulungu ause mzimu wake, anandigwira dzanja:
usasaine usanawerenge,
funsa dzina la amene akukuyankhayo,
lemba tsiku, lemba ola,
ndipo usapite wekha.
Mawu amenewa ndi cholowa changa. Ndimagawa.

Sindine wopemphetsa ine, anatero Clive,
maso ali pansapato.
Ndinati bambo, mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi atatu
malipiro anu ankafika atalumidwa kale.
Chimanga chimenecho munatuta nokha.
Kodi munthu amagwada pankhokwe yake?

Tinalemba pempho loti aonenso chigamulo.
Tinaimbira a mabasi atipatse kalata
yochitira umboni kuti basi inafadi.
Tinaimbira ku ofesi ya ntchito,
foni pakati pa tebulo ikuliza kanyimbo kamodzimodzi,
mawu a mayi wosaoneka akutiuza kuti ndife ofunika.
Clive ankayang'ana wotchi.
Pomwe munthu anayankha,
mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri zinali zitatha.
Anazilemba m'kabuku kake, pansi pa madeti aja,
nafunsa: nanga awa awadula zingati?
Kanali koyamba kumumva akuseka,
chiseko chokhala ndi dzimbiri.

Yankho silinabwere.
Akuti masabata angapo, akuti mwina apilo,
akuti tidikire envulopu ina yofiirira.
Ndinam'patsa kapepala kokatengera zakudya za m'zitini,
anakapinda kanayi, kuti kachepe.

Lachiwiri lotsatira ndinam'peza pakhomo,
kutatsala theka la ola kuti titsegule,
ali ndi nyundo ndi misomali m'thumba.
Anagwada ndi bondo lachitsulo lija,
nachotsa katoni, nakhoma mwendo wa tebulo.
Analigwedeza. Linaima nji.

Pamasitepe panali pataima mtsikana,
mwana m'kangolo, kalata m'dzanja.
Clive anam'kokera mpando.
Usasaine usanawerenge, anatero,
ine ndisanatsegule pakamwa.