Mawu a Mchira Umodzi

Aphunzitsi a Mwamadi anatipatsa ntchito Lachisanu:
pezani mawu khumi a Chingerezi othera ndi shoni,
aataliatali, osati tizidutswa,
lililonse libwere ndi tanthauzo lake.
Ndinaseka. Kuno ku Ndirande mawu amenewo
sitichita kuwasaka m'buku, timapunthwa nawo pakhomo.

Lokeshoni: kuno tikukhala kuno,
nyumba kutsamirana ngati zidakwa,
mpope umodzi, mabanja makumi atatu.
Siteshoni: pa Wenela, pamene amalume anatsikira
ndi thumba la nandolo lomwe silinafike kunyumba.
Opaleshoni: chipsera cha amayi kunsi kwa mchombo,
khomo limene ine ndinatulukira ku Gulupu.
Atatu awa ndi athu kale,
anavula nsapato, amadya nafe.

Enawo anatuluka Loweruka
m'thumba la jekete ya abambo,
m'kalata yopindidwa kanayi, yofewa ndi thukuta.
Anati, Esinala, maso anga atopa, tandiwerengera.
Maso sanatope ayi.
Mawuwo ndiwo anatalika kupitirira Sitandade 5 yawo.

Ndinakabwereka dikishonale kwa a Nyachirwa,
ija yopanda chikuto, yoyambira pa B
chifukwa masamba a A anakulungira zitumbuwa.

Notifikeshoni: kukudziwitsa
zimene anagwirizana kale iwe kulibe.
Riyoganaizeshoni: kusunthasuntha mipando mu ofesi
mpaka agwe munthu wa kufakitale ku Makata
amene sanakhalepo pampando.
Temineshoni.
Buku linati kutha, mapeto.
Ndinawerenga kawiri chamumtima,
abambo maso ali pakamwa panga
ngati wodwala pamene dokotala wachedwa kuyankha.
Ndinati, akuti ntchito yatha, ababa.
Iwo anati, zilembo zonsezo
kungofuna kunena kuti yatha?

Kompenseshoni: chipukutamisozi.
Kampango kake n'kokwana diso limodzi,
ndipo kadzabwera pambuyo pa verifikeshoni,
ndiko kuti munthu amene wasenza mabelo a thonje
zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri
apite ndi chitupa, akaime pamzere,
akatsimikize kuti ndi yemwe uja.

A Nyachirwa pobwera kudzatenga buku lawo
anamvetsera mchira wa mawuwo, nati,
kwathu ku Rumphi soni ndi manyazi.
Mwina n'chifukwa chake amawatalikitsa chonchi,
manyaziwo akhale kumapeto kwenikweni,
wowerenga akafikeko mpweya utamuthera.
Abambo anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo,
kenako anapempha madzi akumwa.

Apulikeshoni sindinaipeze,
inapita ndi zitumbuwa.
Koma Lolemba anandidzutsa kusanache,
kandulo m'manja, nati, lemba,
ndipo ndinalemba zitatu:
ya ku Chirimba, ya ku Limbe,
ina ya kwa mmwenye wa matayala pa Jinare Kona.
Iwo ankanena m'Chichewa kuti ndili ndi ana anayi ndipo msana ukadalipo,
ine n'kumaveka mawuwo taye.
Tanthauzo ndinadzaliona madzulo pa nsapato zawo,
fumbi la misewu itatu,
chidendene chakumanzere chitayasama.

Lachiwiri ndinapereka kope.
Mawu asanu ndi anayi basi.
A Mwamadi anawerenga ataima pawindo,
nthawi yaitali kuposa ya makope a anzanga,
cholembera chofiira chili m'mwamba ngati mphamba.
Anati, matanthauzo awa si a m'buku.
Ndinati, buku lake n'losakwana, sala.
Anafunsa, abambo ako ali ku Makata?
Ndinati, anali.

Sanachonge, sanathethe.
Pansi pa tsamba analemba liwu limodzi lokha
mwa chizolowezi cha dzanja lawo:
korekishoni.
Ndinaliwerenga, ndinaona mchira wake,
n'kulilemba pa nambala 10.
Tanthauzo ndasiya mpata, mizere iwiri.
Ndikudikira ndione
amene akonze, ndi chimene akonze.