Kuwerenga Mthunzi

Mu ofesi muno, kufupi ndi mlatho wa Zambezi,
fani akungotembenuza mpweya womwewo wotentha,
ine ndikuwerenga mitengo yomwe sindinayitsamirepo.

Setilaiti ilibe mphuno.
Sidziwa fungo la masuku ogwa okha mvula ikayamba.
Imangodutsa mwakachetechete, masiku khumi ndi asanu ndi limodzi akakwana,
n'kudula dziko la Macanga m'timabokosi,
mamita makumi atatu uku, makumi atatu uko,
ndipo kabokosi kalikonse kamandifunsa chimodzimodzi:
nthaka ya pano yafunda, kapena yagona pamtetete?

Ndiyamba ndi chithunzi cha 2001.
Mapiri ali biriwiri, popanda poponya singano.
Ndidina. 2006: kaulusi kofiira ka msewu.
Ndidina. 2011: kaulusi kaja kamera nthiti mbali zonse
ngati minga ya nsomba yodyedwa kale.
Kenako zipere, zipere,
mpaka chipere china chikumana ndi chinzake.
Zaka makumi awiri ndazidutsa
tiyi asanazizire.

A Custódio amaima kumsana kwanga:
"Felisberta, cha Ogasiti usachikhulupirire,
mombo umavula wokha, umaoneka wakufa uli moyo.
Cha Febuluwale ndi mitambo yokhayokha,
ndipo chimanga chikakula chimanama kuti ndi nkhalango."
Choncho masiku ndimasankha ngati nyemba m'lichero,
ofumbwa ndikutaya.

Koma makina sadziweruza okha.
Mu Juni ndinakwera lole ya ku Furancungo
ndi kagalasi kopindika m'thumba.
Setilaiti imayang'ana pansi kuwerenga masamba,
ine ndimaima pansi pa mtengo
kuwerenga zibowo zomwe thambo likudonthera.

Pamalo a nambala 58 mapu anati nkhalango.
Ndinapeza bulugamu wafola mizere ngati ana a sukulu,
wopanda bowa, wopanda njuchi.
Pa 73 mapu anati palibe kanthu.
Ndinapeza zitsa zaphukira mpaka m'chiuno,
zikulimbana ndi mbuzi.
Ndipo kadontho kaja kobiriwira chaka ndi chaka,
kamene ndinkati makina asokonezeka,
ndi manda a kwathu.
Akufa okha ndiwo sanagulitse denga lawo.

Pa 112 sindinatulutse kagalasi.
Panalibe chowerenga, thambo linali lathunthu.
Pansi panali bwalo lakuda, udzu ukulizungulirabe,
ndipo ndinalidziwa.
Uvuni wa bambo anga, a Zefanias Kamtedza.
Matumba atatu panjinga, usiku, mabuleki ndi chidendene.
M'chithunzi cha 2009 malowa ndi timabokosi tinayi
tosintha mtundu mwezi umodzi:
yunifolomu, makope, chakudya cha kugonera ku Ulongué,
ndi tikiti yomwe inandifikitsa pampando uno.

Madzulo ndinawaonetsa pafoni.
Anapukuta chala pamalaya asanakhudze.
"Muwanga waukulu unali apa," anatero, akuloza molondola,
"nkhwangwa ziwiri unandithyolera."
Anakhala chete. Kenako:
"Chinthu chako cha kumwambacho, ineyo chinandiona?"
Ndinati ayi, munthu amachepa,
sadzaza ngakhale ngodya ya kabokosi.
Sindikudziwa ngati anapepukidwa
kapena zinawapweteka.

Lero ndikulemba lipoti.
Mthunzi unali magawo makumi asanu ndi limodzi pa zana,
watsala makumi awiri ndi atatu,
kuonjezera kapena kuchotsera anayi,
poti muyeso uliwonse uli ndi malo ake olakwira.
Bambo anga akukwanamo m'malo amenewo,
njinga, nkhwangwa, chifuwa chawo cha utsi,
ndi ine ndemwe.

Lachinayi setilaiti idutsanso cha m'ma teni.
Mng'ono wanga wati zitsa za pa 73
wazitchingira ndi minga.
Zidzatenga zaka zisanu ndi zitatu, mwina khumi,
kuti kabokosi kamodzi kavomere.
Fayilo ndayisiya yotsegula.